N'chifukwa chiyani mayi kumudzi sakusintha kalimidwe pomwe mvula inasintha?

Funsoli lachokera kwa achimwene ena a ku Balaka amene amagwira ntchito mu shopu ku Mayfair, kuno ku Johannesburg. Akuti: "Chaka chilichonse ndimatumiza ndalama ya feteleza ndi mbewu, koma pofika Novembala chimanga chimakhala chatha, ndiye ndimatumizanso ya chakudya. Ndawauza mayi kuti nyengo inasintha, asiye chimanga chamakolo, abzale mapira ndi chinangwa, aziphimbira munda monga amanenera pa wailesi. Amangoti 'tamva mwanangu', koma ndikapita ndimapeza zomwe zija. Kodi ndi makani kapena kusadziwa? Nditani?"

Achimwene, zoti nyengo inasintha mayi anu akuzidziwa bwino kuposa inu ndi ine amene tili kuno. Iwo ndi amene amakumbukira kuti mvula ya chizimalupsa inkagwa mu Okutobala, yobzalira n'kubwera mu Novembala, ndipo lero amakhala ndi mbewu m'manja mpaka Disembala. Anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, chilala cha 2015/16, mbozi zimene zinalowa m'chimanga cha m'ma 2017, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023 amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo chakumwera, kenaka ng'amba ya El Niño imene inachititsa kuti mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera alengeze kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Balaka ndi limodzi mwa maboma amene mvula imavuta ngakhale chaka chabwino. Munthu amene wadutsa m'zonsezi ndi khasu m'manja safunika kuuzidwa kuti zinthu zasintha.

Taonani zakazo bwinobwino. Chaka china madzi achuluka, chotsatira asowa. Apa ndiye pali chipsinjo choyamba. Mayenje obzalamo chimanga ndi mizere yotseka amasunga chinyezi chaka cha ng'amba, koma pa dothi lamakande chaka cha mvula yambiri amasanduka zithaphwi, chimanga n'kuchita chikasu. Mlimi amakonza munda mu Seputembala asakudziwa kuti chaka chimenecho chibwera ndi nkhope iti.

Koma chachikulu chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Pafupifupi njira iliyonse imene timalangiza alimi imafuna kuti alipire lero, phindu lidzabwere mtsogolo. Malipirowo ndi ndalama, mphamvu za m'thupi, kapena kuvomera kuti chaka chino zikhoza kulephereka. Banja limene lili ndi munda wosakwana hekitala imodzi, ndipo chakudya cha chaka chonse chikuchokera pomwepo, lilibe malo oyeserapo zinthu. Likalakwitsa, ana agona ndi njala mu Febuluwale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo. Matumba ochepa amene mayi amawadziwa kuti apeza ndi chimanga chamakolo ndiye ali pamphuno. Ochuluka amene inu mukuwalonjeza pa foni akadali pachala.

Tiyeni titenge ulimi wophimbira uja, umene ena amati mtayakhasu kapena mleranthaka. Ndi njira yabwino, ndipo ine ndimaikhulupirira, makamaka ku madera ouma ngati kwanu. Nthaka yophimbidwa ndi mapesi imasunga chinyezi, sitentha kwambiri, ndipo chimanga chimapirira ng'amba masiku angapo kuposa cha pa mizere yambulanda. Masiku amenewo akagwera nthawi imene chimanga chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu, ndiwo amasiyanitsa kukolola ndi kusakolola. Koma funsani kuti mapesiwo adzafika Novembala ali m'munda? Anthu akangokolola, mbuzi ndi ng'ombe za mudzi wonse zimamasulidwa. Anyamata osaka mbewa amayatsa moto. Chiswe chimadya otsala. Kumene nkhuni zinatha, mapesi omwewo ndiye ophikira. Mayi akhoza kututa mapesi mwezi wathunthu, n'kudzuka tsiku lina n'kupeza phulusa. Ndipo zaka zoyamba udzu umamera kwambiri pa munda wosagaula, kotero pamafunika mankhwala opha udzu kapena kupalira kowonjezera. Phindu lenileni la nthaka limayamba kuoneka patatha zaka zingapo.

Palinso manyazi, amene ife ophunzira timawachepetsa. Mizere inakakamizidwa pa anthu m'nthawi ya atsamunda, pa malamulo aja ankatchedwa malimidwe, osamvera ankalipitsidwa. Nthawi ya Kamuzu alangizi anapitiriza kuphunzitsa mizere. Mayi anu akula akumva kuti munda wopanda mizere, wodzaza zinyalala, ndi wa munthu waulesi. Lero tikuwauza kuti munda womwewo ndiye wa mlimi wotsogola. Iwo akhoza kumvetsa, koma anzawo odutsa m'njira popita ku chigayo adzanena zawo.

Ndiye pali funso la manja. Mayenje amakumbidwa nthawi ya dzuwa, nthaka ili gwa. Manyowa amafunika kututa ndi dengu kapena wilibala. Akalozera ndi udzu wa vetiva amafuna anthu. Ndani achite zimenezi? Sindikunena izi kuti ndikuimbeni mlandu, pakuti ndalama zimene mumatumiza ndizo zikusunga banjalo, koma anyamata amphamvu a ku Balaka, Machinga, Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay ambiri tili nawo kuno ku Joni, m'mashopu a ku Fordsburg ndi m'magadeni a ku Randburg. Kumudzi kwatsala amayi, agogo ndi ana asukulu. Ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, pamene munda ukufuna kupalira ndi kubandira, ufa ukatha m'nyumba mayi amasiya munda wawo n'kupita kukagwira ganyu m'munda wa wina kuti apeze chakudya cha tsikulo. Munda wopaliridwa mochedwa umataya zokolola zambiri ngakhale mutathiramo feteleza wokwanira. Njala ya chaka chino imabala ya chaka chamawa kudzera pa ganyu ameneyu.

Za chimanga chamakolo, musafulumire kuwaweruza. Njere zake ndi zolimba, pokonola sizisweka, mphale imatuluka yambiri ndipo gaga amachepa. Anankafumbwe sachilowa msanga ngati mitundu ina yofewa ya haibulidi. Mbewu yake sagula, amangosankha zisononkho zabwino n'kusunga. Haibulidi amafuna kugula chaka ndi chaka, ndipo wopanda feteleza saonetsa mphamvu zake. Mitundu yocha msanga ngati Kanyani imathawa ng'amba ya kumapeto, zoona, koma chaka cha mvula yabwino siibereka ngati yochedwa monga Njovu, ndipo ikacha mvula ikadagwa imatha kuola. Munda umene wayamba kucha m'mudzi wanjala ndiwonso umayamba kuyenderedwa ndi akuba. Onjezanipo mbewu zachinyengo, chimanga wamba chopakidwa utoto n'kuikidwa m'mapaketi, zimene zimagulitsidwa m'misika ina nthawi yobzala. Mlimi amene anapsapo nazo kamodzi amabwerera ku mbewu ya m'nkhokwe yake, ndipo ine sindingamudzudzule.

Mapira amapirira dzuwa kuposa chimanga, izi n'zosakayikitsa. Ku Chikwawa ndi Nsanje anthu amalima mapira ndi mchewere, ndipo zimatheka chifukwa amalima ambiri, mbalame zimagawikana. Mayi anu akabzala okha m'mudzi, mbalame za dera lonse zidzatera pa munda wawo, ndipo ana amene kale ankakhala pa nsanja kuziinga lero ali ku sukulu, kumene ayenera kukhala. Chinangwa chimakhala m'munda miyezi yambiri, chimadutsa nyengo imene mbuzi zikuyenda momasuka, ndipo mitengo yobzala yopanda matenda a khate imasowa. Komanso pakamwa pali chizolowezi chake. Kondowole ndi chakudya chenicheni ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota, koma zidzukulu za ku Balaka zikadya chinangwa chophika zimati sizinadye. Ife tomwe kuno tikalowa mu shopu timanyamula thumba la Iwisa kapena White Star, ufa wa mapira, umene kuno amati mabele, tikuuona pa shelefu yomweyo.

Msika nawo unawapweteka alimi amene anamvera malangizo. Nandolo ndi mbewu yabwino kwambiri pa nyengo ino: mizu yake imapita pansi, imabwezera chonde, masamba amagwa n'kuphimba nthaka, mitengo yake ndi nkhuni. Anthu a kumwera anailima kwambiri mitengo itakwera. Mu 2017 dziko la India, limene linkagula nandolo wambiri wa ku Malawi, linachepetsa kugula kunja, ndipo mtengo unagwa moti ena anangosiya matumba m'nyumba. ADMARC imene kale inali pafupi ndi mudzi uliwonse inafooka, ndipo amene amafika ndi sikelo pakhomo ndi mavenda, mu Epulo ndi Meyi, pamene banja lili ndi ngongole ndi fizi. Mlimi amagulitsa motchipa, n'kudzagula chimanga chomwecho mu Januwale pa mtengo wokwera kwambiri. Chimanga chili ndi ubwino umodzi umene mbewu zogulitsa zilibe: msika ukakana, umadya.

Boma nalo lakhala likulankhula pawiri. Pa wailesi limati kasinthasintha wa mbewu ndi ulimi wothirira, koma ndalama zambiri za unduna wa zaulimi zakhala zikupita ku feteleza wa chimanga, kuyambira makuponi a FISP mu 2005 nthawi ya Bingu wa Mutharika mpaka AIP imene inayamba mu 2020. Sindikunyoza thandizo limenelo, mabanja ambiri adyapo. Koma limamangirira mlimi ku chimanga, nthawi zambiri limafika mvula itagwa kale, ndipo limasiya zochepa za ulangizi ndi ulimi wothirira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza wa pa msika anakwera kufika poti ambiri anangothira theka kapena osathira n'komwe. Mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, nthawi zina alibe ngakhale mafuta a njinga yamoto. Mabungwe amabwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu, lina likuti kumbani mayenje, lina likuti musakhudze nthaka, n'kuchoka phindu lisanaoneke. A zanyengo amalengeza mmene mvula ikhalire nyengo isanayambe, ndipo ndi uthenga wofunika kuumvera, koma kumva kuti boma lanu lilandira mvula yocheperapo sikukuuza tsiku lobzala, ndipo sikukupatsa ndalama yogulira mbewu ina.

Nkhani ya malo ndingoikhudza. Mitengo ya chonde ngati msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kusiya chimanga chikukula pansi pake, imatenga zaka zambiri. Wobwereka munda sangabzale mtengo kapena kuthira manyowa, chifukwa nthaka ikakoma mwini wake aulanda. Mkamwini naye amakayika kubzala mitengo pa malo a akuchikazi. Ngati mayi anu akulima pa malo a mtundu wawo, monga zimakhalira kwambiri kumwera, vuto limeneli ndi lochepa kwa iwo, ndipo ndi mwayi woti muugwiritse ntchito.

Mukatuluka mu Johannesburg kulowera ku Delmas kapena ku Free State mumaona minda ya chimanga yosaoneka malire, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti eni ake ali ndi nzeru zimene kwathu kulibe. Chimene ali nacho ndi pogwera. Ali ndi inshuwalansi ya mbewu, ngongole za ku banki, nkhokwe zikuluzikulu zosungira, ndipo mtengo amatha kuumanga chimanga chisanache kudzera pa msika wa masheya wa JSE ku Sandton. Ngakhale zili choncho, chilala cha 2015/16 chinawagwetsa moti South Africa inachita kugula chimanga kunja. Iwo amayesa njira zatsopano chifukwa chaka chimodzi choipa sichiwagoneka ndi njala. Pogwera pa mayi anu ndi inu, achimwene. Ndiye funso lenileni ndi loti ndalama yomweyo imene mukutumiza kale igwire bwanji ntchito imeneyi.

Yambani ndi nthawi yotumizira. Ambiri timatumiza pamene foni yalira kuti zinthu zavuta, ndipo nthawi imeneyo chilichonse chakwera mtengo. Ngati mukudziwa kuti chimanga chidzatha mu Novembala, gulani chopereweracho mu Meyi kapena Juni chikadatsika, chisungidwe m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala bola chimanga chikhale chouma bwino ndipo thumba lisabooke. Mbewu ndi feteleza zigulidwe mu Seputembala kapena Okutobala kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo risiti isungidwe. Kenaka sungani kena kake ka Januwale. Ndikudziwa kuti ndi mwezi wovuta kuno, lendi ndi sukulu zikudikira pambuyo pa Khirisimasi, koma ndalama imene ingasunge mayi m'munda wawo milungu yopalira, kapena kulipira anthu awiri owathandiza, kawirikawiri imabweza zambiri kuposa thumba lina la feteleza lothiridwa m'munda wa udzu.

Chachiwiri, musawapemphe kusintha munda wonse. Pemphani kachigawo, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo muwauze momveka kuti ngati pamenepo palephereka, matumba amene akadakolola mudzagula ndinu. Mawu amenewa amasintha nkhani yonse, chifukwa mwachotsa mantha a njala pa mapewa awo n'kuwasenza nokha. Ndipo mulonjeze zaka zitatu, osati chimodzi, popeza nthaka siichira nyengo imodzi. Pa kachigawoko ayese kuphimbira kapena mayenje okhala ndi manyowa. Kwina konse apitirize monga amachitira, ndi chimanga chawo chamakolo, koma chigawo china abzale mtundu wocha msanga, kuti mvula ikatha msanga china chipulumuke, ikapitirira chinacho chibereke.

Mbewu za mtundu wa nyemba zilowe m'munda momwemo m'malo molanda malo a chimanga. Nandolo pakati pa chimanga, khobwe, kapena mtedza ndi nandolo pamodzi pa chigawo chimene chaka chotsatira padzabwere chimanga. Izi zimathandizanso kuchepetsa kaufiti, amene amakonda nthaka yoguga. Nandolo alimidwe choyamba ngati ndiwo ndi chonde, msika ukakoma ikhale mphatso. Mbatata ndimaikonda kwambiri pa nkhani imeneyi, chifukwa ndi mbewu yopulumukira: chimanga chikapserera mu Januwale, mbatata ikhoza kubzalidwabe mvula ikabwerera, ndipo mitundu yofiira mkati ngati Kaphulira ndi Kadyaubwerere imacha msanga komanso ili ndi vitamini A wofunika kwa ana. Vuto lake ndi mbewu, imene imasowa nthawi yomwe aliyense akuifuna. Kabedi kakang'ono ka kholowa kudimba kapena pafupi ndi mjigo, kotchingidwa ndi mpanda, kamathetsa vutoli pa mtengo wochepa kwambiri.

Pa feteleza, thumba lothiridwa pa mchenga wopanda manyowa limakokoloka ndi mvula yamphamvu, ndipo wobereketsa wothiridwa pa nthaka youma amangotayika. Alimi ambiri tsopano akupanga manyowa a Mbeya, osakaniza feteleza pang'ono ndi gaga, phulusa ndi ndowe, n'kuvundika m'thumba pafupifupi milungu itatu. Sakufanana mphamvu ndi feteleza weniweni, musanamizidwe, koma amatambasula kochepa kamene muli nako ndipo amadyetsa nthaka. Mbuzi ziwiri ndi nkhuku zolandira katemera wa chitopa zimapereka ndowe, ndipo chaka choipa zimagulitsidwa m'malo mopita kwa a katapila.

Zinthu ziwiri musachite. Musatumize mbewu ya chimanga ya kuno pa basi. Yambiri inapangidwira nyengo ya kuno, yambiri ndi ya GMO (yosinthidwa chibadwa ndi asayansi), ndipo kudutsa ndi mbewu pa malire kumafuna zilolezo. Ndipo musathamangire ku China Mall kukagula pampu ya sola musanafunse ngati chitsime kapena mtsinje wa kudimba umakhala ndi madzi mpaka Okutobala, ndani azilondera mapanelo usiku, ndani angaikonze ikawonongeka, ndiponso tomato akacha onse nthawi imodzi akagulitsidwa kuti. Pamene madzi alipo, ulimi wa m'dimba ndi umene umasinthadi banja, ndipo pampu imayenda bwino ikakhala ya gulu la mabanja angapo amene amasonkha ya zokonzera, mwina kudzera ku banki mkhonde.

Pezani nambala ya mlangizi wa dera lanu kudzera ku ofesi ya zaulimi imene ili pafupi, kaya ndi ku Ulongwe, Utale kapena Phalula, komanso dzina la mlimi wachitsanzo wa m'mudzi woyandikana. Mayi adzakhulupirira munda umene auona ndi maso awo mu Febuluwale kuposa mawu a mwana wawo amene ali kutali. Ndipo polankhula nawo, yambani ndi kufunsa. Ndi mbali iti ya munda imene imayamba kufota? Madzi amadikha pati? Chaka cha ng'amba chija, chinapulumuka n'chiyani? Mayankho awo ndiwo akuuzeni pamene payenera mayenje ndi pamene payenera ngalande.

Zotsalazo banja limodzi silingazithe. Mbuzi, moto wa osaka mbewa, zigwembe zimene zikudya minda kuchokera kumtunda, kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, zonsezi ndi nkhani za mudzi. M'midzi imene a nyakwawa anakhazikitsa lamulo loti ziweto zizimangidwa kapena kuwetedwa ndipo woyatsa moto m'munda alipire, kuphimbira kumatheka ndipo nandolo amafika pokolola. Ife a ku Joni tili ndi mawu kumudzi kuposa mmene timaganizira, ndipo ambiri tili kale m'magulu a anthu akwathu amene amasonkha ndalama maliro akagwa. Gulu lomwelo likhoza kulembera a nyakwawa, kulipira mbande za vetiva ndi gilisidiya, kapena mafuta oti mlangizi afike ku msonkhano. Nkhani ya ziweto ndi moto ikambidwe mu Malichi kapena Epulo, anthu asanakolole, chifukwa mbuzi zikangomasulidwa mu Meyi palibe amene adzavomere kuzibweza m'khola chaka chimenecho.